Kusankha Injini ya Bwato la Mapasa

Nkhani yathu lero si ya tiyi kapena ya nthochi, koma ya bwato ndi injini yake. Ndidziwa kuti ena mudabwa, nimufunsana kuti, "Kodi ku Thyolo kuli nyanja yanji?" Zoonadi nyanja kulibe. Koma anthu a ku Thekerani ndi ku Sandama adziwa bwino kuti munthu akatsika mapiri athuwa wafika pa Ruo, ndipo akatsata Ruo wafika pa Shire ku Chiromo. Kumeneko kumapita chinangwa, nandolo, mapeyala ndi nthochi zathu, ndipo nsomba zina zimene tidya kuno zichokera komweko.

Kale katundu ameneyu ankayenda pa njanji yodzera ku Luchenza, Sandama ndi Makhanga. M'chaka cha 1997 madzi anadula njanjiyo pakati pa Chiromo ndi Bangula, ndipo pa malo aja otchedwa Mtayamoyo anthu anayamba kuoloka pa mabwato. Mu Januwale 2015 Ruo anasefukira, ndipo Makhanga inatsala ngati chilumba. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anaononganso misewu ndi milatho. Chifukwa cha ichi anthu ena kuno aona kuti bwato lili ndi phindu. Abambo opuma nchito m'maesiteti a tiyi, amene alandira ndalama zawo zonse nthawi imodzi, ndiponso magulu a banki m'khonde, amatifunsa ife alangizi za bwato lonyamula katundu limene angakhome okha. Ndipo funso lawo lalikulu ndi la injini, pakuti injini imadya ndalama zambiri kuposa bwato lenilenilo. Munthu akalakwitsa pogula injini, thukuta la zaka zambiri zothyola tiyi lapita.

Bwato limene ndikunena ndi la mapasa. Mutenga mabwato awiri opyapyala ofanana utali, kaya ogoba kaya a matabwa, muwaika mbali ndi mbali motalikirana, muwalumikiza ndi mitanda, ndipo pamwamba muyala thandala. Azungu amalitcha catamaran, mau amene anawatenga kwa asodzi a mtundu wa Tamil a ku India, ndipo tanthauzo lake ndi mitengo yomanga pamodzi. Ubwino wake ndi wakuti silipendama msanga. Matumba, njinga ngakhale njinga yamoto zimakhala bwino pathandala, ndipo limayenda pa madzi osaya. Koma lili ndi zofooka ziwiri zimene muzikumbukire m'nkhani yonseyi. Mabwato opyapyala amatitimira msanga akalemedwa, makamaka kumbuyo, ndipo moyo wa bwato lonse uli m'mitanda.

Tsono musanafunse mtengo wa injini, dzifunseni kuti bwatolo lidzayenda pa madzi ati. Ngati ndi pa damu la esiteti kapena la m'mudzi, mwina podyetsa nsomba kapena pokoka ukonde, langizo langa ndi lakuti musagule injini konse. Nkhafi ziwiri zikwanira. Damu ndi laling'ono, oilo wa injini amaipitsa madzi amene anthu ndi ziweto amwa, ndiponso damu la esiteti lili ndi eni ake amene muyenera kuwapempha. Chimodzimodzi Ruo wa kumtunda kwa mathithi a Zoa: miyala ndi yambiri, ndipo injini singakhalitse. Injini ili ndi nchito kumunsi kwa Ruo, pa Shire, ndi m'dambo lalikulu la Elephant Marsh.

Tibwere ku mphamvu. Mphamvu ya injini amaiyesa m'mahosipawa, ndipo nambala yake imalembedwa pa chipewa cha injiniyo: 5, 8, 15, 25, 40. Anthu ambiri amaganiza kuti injini yaikulu ndiyo ithamangitsa bwato. Pa bwato lopepuka la masewera nzoona, koma pa bwato la katundu si choncho. Taonani chifukwa chake. Bwato lolemera likamayenda limakumba funde kutsogolo ndi lina kumbuyo. Likafika pa liwiro lakelake limakhala m'dzenje pakati pa mafunde awiriwo, ndipo kuti lituluke m'dzenjemo lifuna mphamvu yochuluka kopambana. Liwiro limenelo lichokera ku utali wa bwato. Bwato la mamita 6 litanyamula katundu limayenda makilomita 10 kapena 11 pa ola. Mabwato opyapyala kwambiri amapitirirako pang'ono. Mukaikapo injini ya hosipawa 40, kumbuyo kudzamira, kutsogolo kudzadzuka, phokoso lidzakula, koma liwiro lidzaonjezeka pang'ono chabe. Kuli ngati kumanga ng'ombe zisanu ndi chimodzi pa ngolo ya ng'ombe ziwiri.

Amisiri a mabwato amawerengera hosipawa zinayi kapena zisanu pa tani imodzi ya kulemera konse. Tiyerekeze kuti bwato lanu, anthu ndi katundu pamodzi zifika tani imodzi ndi theka. Pamenepo hosipawa 8 zikwanira pa madzi odikha. Koma mtsinje si damu. Ngati bwato liyenda makilomita 10 pa ola, ndipo madzi atsika makilomita 4 pa ola, pokwera mtsinje mutsala ndi 6 okha, ndipo mphepo ikaomba pa matumba ounjikidwa pathandala mutsala ndi ochepa koposa. Nchifukwa chake pa Shire nthawi ya dzinja ine ndikonda injini ya hosipawa 15, imene muiyendetsa mosaikakamiza, mphamvu ina nkuisungira pa ngozi. Kupitirira 15 pa bwato losafika mamita 8 ndi kutaya ndalama.

Ndalamazo zitayika m'petulo. Injini ya mtundu wosakaniza petulo ndi oilo imamwa pafupifupi theka la lita pa hosipawa iliyonse pa ola, ikatsegulidwa mphamvu yonse. Ya 15 imamwa malita 7 pa ola, ya 40 malita 20. Werengani nokha pa mtengo wa petulo wa lero, ndipo mukumbukire masiku aja a 2022 ndi 2024 pamene magalimoto ankagona pa mizere kudikira mafuta. Mukabweza chogwirira pang'ono, kusiya mphamvu yonse, petulo amatsika kwambiri koma liwiro silisintha kwenikweni. Woyendetsa amene adziwa ichi ndiye amabwera ndi phindu madzulo.

Pali kanthu kena ka ife a kumapiri. Injini imapuma mpweya monga munthu, ndipo kumtunda mpweya ndi wochepa. Pa mamita 300 alionse okwera, injini imataya magawo atatu pa 100 a mphamvu yake. Minda ya tiyi ya kuno ili pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja ya mchere, pamene Chiromo sifika mamita 100. Kotero injini imene mwaiyesa pa damu kuno idzaoneka yofooka pang'ono. Ikatsikira ku chigwa idzapeza mphamvu yake yonse. Musaibweze kwa wogulitsa chifukwa cha ichi.

Tsopano funso limene amakangana nalo kwambiri eni mabwato a mapasa: injini imodzi kapena ziwiri? Popeza mabwato ndi awiri, maso amanena kuti lililonse likhale ndi injini yake. Ndipo kunena zoona injini ziwiri zili ndi ubwino wake. Imodzi ikazima pakati pa mtsinje, inzake ikufikitsani pagombe. Mukayendetsa ina kutsogolo ina kumbuyo, bwato limatembenuka pamalo pomwepo, chimene chithandiza pa doko lopanikizika. Koma taganizani za mtengo wake. Injini ziwiri za hosipawa 8 zidula kuposa imodzi ya 15. Mapulagi, oilo wa m'magiya ndi ndalama za makaniko, zonse ndi kawiri. Pa kulemera, ya 8 ili pafupifupi makilogramu 28, ndiye kuti ziwiri 56, pamene ya 15 ili pafupifupi 40, ndipo kulemera konseko kuli kumbuyo kwenikweni kumene bwato lopyapyala silifuna katundu. Komanso zogwirira ziwiri zotalikirana mamita awiri munthu mmodzi sangazigwire. Muyenera kuzilumikiza ndi chitsulo kapena kulemba munthu wachiwiri. Ndiponso kawirikawiri chimene chimazimitsa injini ndi petulo wa madzi kapena wa zinyalala, ndipo ngati zonse ziwiri zamwa m'chigubu chimodzi zidzazima pamodzi. Kwa mlimi amene akuyamba, ine nditi injini imodzi yabwino, ndipo inzake ikhale nkhafi zinayi ndi nsungwi yaitali yokankhira, zimene sizisowa mafuta.

Nanga injini imodziyo ikhale pati? Apa ndipo pagona nchito. Ena amaimanga kumbuyo kwa bwato limodzi mwa awiriwo. Njira iyi ndi yapafupi ndipo imatheka, ngakhale bwato limakokera mbali imodzi, ndipo limakhota msanga kwina, kwina mochedwa. Njira yabwino koposa ndi kuimanga pakati, pa thabwa lochindikala lolendewera ku mtanda wa kumbuyo. Koma dziwani kuti mphamvu yonse ya injini idzadzera pa thabwa limenelo ndi mtandawo. Luzi, chingwe kapena misomali sizingagwire. Injini imanjenjemera tsiku lonse ndipo imazula msomali pang'onopang'ono. Mangani ndi mabauti oboola mtengo, okhala ndi mawashala akulu, ndipo ikani zochirikiza ziwiri zopendama zochokera pansi pa thabwalo kupita ku mtanda wina wa kutsogolo. Bulugamu wouma bwino, amene kuno sasowa popeza maesiteti amamubzala kuti aumitsire tiyi, amachita bwino pa mitanda. Wauwisi amang'aluka pa mabauti. Injiniyo muimangenso ndi unyolo ku mtanda, pakuti zomangira zake zikamasuka imagwera m'madzi, ndipo m'matope a Shire simudzaionanso.

Chinthu chimene ogula ambiri safunsa ndi utali wa mwendo wa injini, ndiko kuti mbali ija yotsikira m'madzi yokhala ndi pulopela. Injini za dzina limodzi ndi mphamvu imodzi zimagulitsidwa za miyendo yosiyana. Waufupi ndi wa thabwa la masentimita 38, wautali wa 51, ndipo pali wina wa 64. Pamwamba pa pulopela pali kambale kathyathyathya. Pa bwato wamba kambaleko kamalingana ndi pansi pa bwato. Koma pakati pa mapasa palibe bwato lotchinga kutsogolo kwa mwendo, ndipo madzi a pamenepo amakwera ndi kutsika chifukwa mafunde a mabwato awiriwo amakumana pomwepo. Kambale kakhale pansi pa madzi masentimita 10 mpaka 15, bwato lili lopanda katundu. Kakakwera, pulopela imameza mpweya, injini imalira kwambiri koma bwato silipita, ndipo madzi oziziritsa injini salowa. Tsono bwato lomwelo likasenza matumba limatitimira, ndipo mutu wa injini umayandikira madzi. Mwendo waufupi sungakwaniritse zonse ziwirizi. Gulani wautali, ndipo thabwa lomangapo likhale ndi mabowo awiri kapena atatu kuti muzilikweza ndi kulitsitsa. Malizani bwato, liikeni pamadzi, yezani ndi tepi, kenaka nkupita kukagula. Amene amayamba ndi kugula injini amadzakhoma bwato motsata injiniyo.

Pulopela nayo ili ndi manambala awiri odindidwa, monga 9¼ x 11. Yachiwiriyo ili ngati giya ya njinga. Nambala yaikulu ndi ya bwato lopepuka lothamanga. Ya katundu ifuna yaing'ono, monga 8 kapena 9, monga mmene mumachitira pokwera chitunda ndi thumba la chimanga pa kaliyala. Uzani wogulitsa kuti bwato lanu ndi la katundu, ndipo mugule pulopela yapadera yosunga.

Mitundu ya injini ilipo iwiri. Wina ndi uja wosakaniza petulo ndi oilo, monga Yamaha Enduro imene asodzi a chilimira ku Nyanja ya Malawi aidziwa bwino. Ndi yopepuka, ziwalo zake ndi zochepa, ndipo makaniko wa pagombe amaiphwasula pansi pa mtengo. Mtundu wina uli ndi oilo wake payekha monga galimoto. Umenewu sumwa petulo wambiri, ulibe utsi, koma ndi wodula, ndi wolemera (wa hosipawa 15 ufika makilogramu 50), ndipo ukaugoneka mbali yolakwika oilo amalowa kumene safunika. Ngati bwato lidzayenda maora ambiri tsiku ndi tsiku ndipo makaniko wodziwa mtunduwu ali pafupi, udzabweza ndalama zake m'petulo. Ngati injini muzidzaisenza pa phewa madzulo alionse kuthawa akuba, tengani wopepuka uja.

Za dzina la injini, musafunse wogulitsa m'tauni. Funsani makaniko wa pa doko limene mudzagwirapo nchito. Mufunseni kuti ndi injini ziti zimene ali nazo zipangizo zake, ndipo chipangizo chikasowa chimatenga masiku angati kuchokera ku Blantyre. Dzina lotchuka silithandiza ngati fakitale inatsekedwa. Injini za Seagull za ku England, zimene agogo athu anaziona, analeka kuzipanga mu 1996. Za Evinrude, dzina la munthu amene anatchukitsa makina amenewa kuyambira 1909, analeka mu 2020. Mukapeza yotere yotchipa, dziwani kuti tsiku lina idzaima chifukwa cha kachitsulo kakang'ono kosapezeka.

Ambiri a inu mudzagula yogwiritsidwapo kale nchito. Palibe choipa, koma pitani ndi makaniko wanu, osati wa mwini injini. Muilize mwendo uli m'mgolo wa madzi. Injini yolizidwa pouma imapsereza kampira kopopa madzi m'kanthawi kochepa, ndipo wogulitsa amene achita zimenezo pamaso panu waichita kale kambiri. Onani kuti kamtsinje ka madzi kakutuluka mwamphamvu kumbuyo kwa mutu. Masulani kabauti ka oilo wa m'magiya: akatuluka woyera ngati mkaka, madzi alowa. Ngati injini inagwira nchito pa nyanja ya mchere ku Mozambique kapena ku South Africa, mabauti ake amakhala odyeka, ndipo amathyoka pomasula. Nambala ya injini ikhale yosafufutidwa, ndipo mulembetse kalata ya malonda pamaso pa mfumu ndi mboni. Injini zimabedwa, ndipo wogula yakuba amataya injini ndi ndalama zomwe.

Madzi a kuchigwa ali ndi adani awiri a injini, mchenga ndi namasupuni. Ruo akasefukira amatsika ndi mchenga wa m'minda yathu yomwe ino, ndipo mchengawo umadya kampira kopopa madzi kaja. Sungani kena, ndipo musinthe chaka ndi chaka dzinja lisanayambe. Namasupuni ndi mapepala a pulasitiki amatseka timabowo tolowera madzi pa mwendo. Woyendetsa aziyang'ana kamtsinje kaja kawirikawiri. Kakaleka, azimitse pomwepo, adzutse mwendo, achotse zinyalala. Pa madzi osaya zimitsani injini, gwirani nsungwi.

Petulo wa m'dziko muno, kuyambira 1982, amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amapangidwa ku Dwangwa ndipo pambuyo pake anayamba kupangidwanso ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi. Petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino amakhala ndi madzi pansi, ndipo madziwo ndiwo amayamba kulowa m'kabuleta. Gulani wokwanira masiku ochepa, mumsefe pothira, ndipo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu mumpewe. Posakaniza tsatani buku la injini yanu. Zambiri zifuna gawo limodzi la oilo pa magawo 50 a petulo, ndiko kuti theka la lita pa malita 25, ndipo yatsopano ifuna oilo wowirikiza kawiri pa maora 10 oyamba. Oilo wake akhale wa injini za pamadzi, wolembedwa TC-W3 pa botolo. Wa galimoto amatseka mapulagi.

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu. Bwato la injini limakopa anthu, ndipo mwini wake amene ali ndi ngongole amayesedwa kukweza wina ndi winanso. Mu Meyi 2023 bwato lonyamula anthu 37 linagubuduzidwa ndi mvuu pa Shire m'boma la Nsanje, ndipo ambiri anamira. Bwato la mapasa silipendama msanga, ndipo ichi chomwe chimanyenga anthu: saona kuti lalemedwa kufikira madzi ayamba kulowa m'bwato limodzi. Lamulo la za maulendo a pamadzi la 1995 lifuna kuti bwato lonyamula anthu pa malipiro lionedwe ndi kulandira chilolezo kwa a nthambi ya Marine, kotero mwini wake apite kumeneko asanayambe malonda. Kumbukiraninso kuti Ruo ndi malire a dziko. Tsidya lija ndi Mozambique, ndipo kuli malamulo ake.

Bwato latsopano lisanatenge munthu, itanitsani kuti liyesedwe pamaso panu pa madzi osaya. Adzaze matumba a mchenga a makilogramu 50, naawaike pathandala limodzi ndi limodzi, kufikira m'mphepete mwa bwato mwatsala masentimita 30 pamwamba pa madzi. Pamenepo alembe mzere wa penti m'mbali mwa mabwato onse awiri, ndipo chiwerengero cha matumbawo achilembe pathandala kuti aliyense achione. Munthu wamkulu muwerengere thumba limodzi ndi theka. Ndi katundu yemweyo alize injini, akwere mtsinje, atsike, akhote mbali zonse ziwiri, kenaka azimitse dala ndi kubwerera pagombe ndi nkhafi zokha. Ngati amuna awiri alephera kulibweza, katundu wachuluka. Chotsani matumba, nimutsitse mzere. Atabwerako, makaniko amange mabauti onse a mitanda kachiwiri. M'bwato lililonse mwa awiriwo mukhale chokapira madzi, munthu aliyense akhale ndi jekete loyandamitsa, ndipo woyendetsa amange pa dzanja kachingwe kaja kozimitsa injini iye akagwa.

Amene muli ndi gulu lofuna kukhoma bwato lotere, bweretsani miyeso yake kwa mlangizi wa dera lanu musanapereke ndalama kwa wogulitsa: utali wa mabwato, mpata wa pakati, ndi msinkhu wa mtanda wa kumbuyo kuchokera pamadzi.